Magiya a manyuwo ndi a otomatiki pa SUV yaing'ono ku Ngara

Magiya a manyuwo ndi a otomatiki ndi njira ziwiri zikuluzikulu zimene mphamvu ya injini imadutsamo kuti ifike ku matayala a galimoto. Pa galimoto ya manyuwo, dalaivala amaponda kilatchi n'kusintha magiya ndi dzanja. Pa ya otomatiki, galimoto imasintha yokha ndipo kilatchi yoponda palibe. Nkhaniyi ikufotokoza kusiyana kwa njira ziwirizi pa magalimoto a mtundu wa SUV yaing'ono, monga Toyota RAV4, Nissan X-Trail, Honda CR-V, Suzuki Escudo ndi Toyota Rush, potengera mmene zinthu zilili ku Ngara m'boma la Karonga. Kumalo ngati amenewa, funso lakuti manyuwo kapena otomatiki limabwera ndi mafunso ena awiri: otomatikiyo ndi ya mtundu wanji, ndipo ikawonongeka adzaikonza ndani?

Ngara ndi misewu yake

Ngara ili m'mbali mwa msewu wa M1, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, pakati pa tauni ya Karonga ndi Chilumba. Imadziwika ndi usodzi, makamaka wa usipa, ndipo amalonda amabwera kuchokera kutali kudzapikula nsomba. M'chigawo chomwechi cha kumwera kwa Karonga muli masikimu a mpunga a Wovwe ndi Hara. Choncho galimoto ya kuno siyenda yopepuka kawirikawiri. Ngati mulibe matumba a usipa kapena a mpunga, ndiye kuti muli abale opita kuchipatala, kumaliro kapena kuukwati.

Galimoto yotere imakumana ndi misewu yosiyana kwambiri. M1 wa m'mbali mwa nyanja ndi wathyathyathya, koma kumatentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mbali ya pakati pa Chiweta ndi Karonga yakhala ikudandaulidwa kwa zaka chifukwa cha maenje. Tinjira topita kugombe ndi ta mchenga. Topita kumidzi yakumtunda ndi tafumbi, ndipo mvula ikagwa timasanduka matope. Ndiye pali chikweza cha Chiweta, chimene aliyense wopita ku Mzuzu pa M1 sangachizembe. Nyanja ili pamtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pamtunda woposa mamita 1,200, ndipo gawo lalikulu la kusiyanaku galimoto imalikwera pamakona a Chiweta.

Kumene magalimotowa amachokera

SUV yaing'ono ndi galimoto yokwera pang'ono kuposa galimoto wamba, yonyamula anthu asanu, koma yosafika pa Land Cruiser kapena Pajero yaikulu. Suzuki Escudo inatuluka mu 1988, RAV4 mu 1994, CR-V mu 1995, Subaru Forester mu 1997, X-Trail mu 2000 ndipo Rush mu 2006.

Ambiri mwa magalimoto otere m'Malawi muno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Amatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kuyenda makilomita oposa 900 kudutsa m'dziko la Tanzania mpaka pachipata cha Songwe, kumene bungwe la MRA limawerengera msonkho. Akachoka pamenepo, opita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amadutsa pa Ngara pomwepa. Ku Japan, monganso ku Malawi, magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu ndipo chiwongolero chimakhala kumanja, n'chifukwa chake magalimoto akumeneko salira kusintha kulikonse.

Koma msika wa ku Japan uli ndi khalidwe limodzi limene limakhudza nkhaniyi mwachindunji: pafupifupi magalimoto onse atsopano ogulitsidwa kumeneko ndi a otomatiki. Munthu akatsegula tsamba la makampani ogulitsa monga BE FORWARD kapena SBT Japan n'kusaka X-Trail kapena RAV4, amapeza otomatiki zambirimbiri ndi manyuwo zowerengeka. Manyuwo zimapezekako bwino pa magalimoto ochokera ku South Africa ndi ku Britain, ndi pa ena amene anagulidwa atsopano m'dziko muno. Kunena zoona, anthu ambiri sasankha otomatiki. Amangogula zimene zilipo pa ndalama zimene ali nazo.

Manyuwo

Giyabokosi ya manyuwo ndi bokosi la magiya achitsulo osiyana kukula, omizidwa mu oyilo. Pakati pa bokosili ndi injini pali kilatchi, mbale yokhala ndi zinthu zofanana ndi za pa mabuleki. Dalaivala akaponda, mbaleyo imasiya kugwira ndipo injini imalekana ndi matayala. Akachotsa phazi, imagwiranso. SUV zazing'ono zambiri za manyuwo zili ndi magiya asanu opita kutsogolo, zatsopanoko asanu ndi limodzi.

Bokosi lenilenilo limakhalitsa kwambiri ngati lisakusowa oyilo. Chimene chimatha ndi kilatchi, ndipo kutha kwake kumadalira phazi la dalaivala. Amene amayenda phazi litatsamira pa kilatchi, kapena amene amaimitsa galimoto pachitunda pogwiritsa ntchito kilatchi m'malo mwa handibuleki, amaimaliza msanga. Kusintha kilatchi kumafuna kutsitsa giyabokosi yonse, ntchito imene imakula ngati galimoto ili yokoka ndi matayala onse anayi. Komabe ndi ntchito ya masipanala ndi jeke, ndipo makaniko amene anaphunzira pa malole ndi maminibasi amaidziwa bwino. Ubwino wina ndi wakuti kilatchi imachenjeza isanathe: injini imalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, ndipo mwini galimoto amapeza nthawi yosonkhanitsa ndalama.

Otomatiki si mtundu umodzi

Apa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka. Mkati mwa galimoto zonse zimaoneka chimodzimodzi, ndodo ya P, R, N ndi D, koma pansi pake pamakhala makina osiyana kotheratu.

Mtundu wakale kwambiri ndi wa torque converter. Kampani ya General Motors inayamba kugulitsa otomatiki yotchedwa Hydra-Matic pa magalimoto a Oldsmobile a 1940, ndipo patapita zaka zochepa otomatiki zinayamba kugwiritsa ntchito torque converter. Chipangizochi chili ngati mafani awiri oyang'anizana m'chitini chodzadza oyilo. Fani ya injini imakankha oyilo, oyiloyo n'kuzungulitsa fani inayo, imene imapereka mphamvu ku magiya. Popeza palibe mbale yokhuzana ponyamuka, galimoto imatha kuima ili m'giya injini osazima. RAV4 ya mibadwo iwiri yoyambirira, X-Trail yoyamba, CR-V yakale, Rush ndi Escudo zambiri zili ndi otomatiki ya mtundu umenewu, kawirikawiri ya magiya anayi. Mazda CX-5, imene inatuluka mu 2012, ili ndi ya magiya asanu ndi limodzi. Otomatiki zimenezi n'zolimba ndipo zimapirira nkhanza zambiri. Mdani wake wamkulu ndi kutentha kwa oyilo.

Mtundu wachiwiri ndi CVT. Mulibe magiya osinthasintha. Muli mawilo awiri okhala ndi mpata pakati, olumikizidwa ndi lamba wachitsulo. Mpata wa wilo limodzi ukachepa, wa linalo umakula, lambayo n'kukwera kapena kutsika, ndipo liwiro limasintha popanda kudumpha kulikonse. Kampani ya DAF ya ku Netherlands inayamba kugwiritsa ntchito njirayi mu 1958, ndipo ku Japan inayamba kufala Subaru itaiika pa Justy mu 1987. RAV4 yogulitsidwa ku Japan kuyambira mu 2005 ili ndi CVT. N'chimodzimodzinso X-Trail ya petulo kuyambira mu 2007, Nissan Dualis, Nissan Juke, ndi Forester zambiri kuyambira mu 2012. Izi zikutanthauza kuti SUV zambiri zimene zikulowa pa Songwe masiku ano zolembedwa kuti otomatiki ndi za CVT.

CVT imayenda mosalala ndipo simwa mafuta kwambiri. Vuto lake ndi lakuti mphamvu yonse ya injini imadutsa pamene lamba wagwirana ndi mawilo aja. Oyilo akatentha kwambiri, akakalamba kapena akakhala wolakwika, lamba amaterereka n'kukanda mawilowo, ndipo zikafika pamenepo kukonza kwake kumakhala kugula giyabokosi ina. Magalimoto ambiri a CVT amadziteteza okha: kompyuta ikaona kuti oyilo watentha imachepetsa mphamvu, galimoto n'kumayenda ngati yatopa. Dalaivala wosadziwa amaganiza kuti injini yafooka n'kuponda moto kwambiri, pamene chofunika n'kuima pambali kuti makina azizire.

Mtundu wachitatu ndi wa makilatchi awiri, wotchedwa DCT. Mkati mwake ndi ngati manyuwo, koma kompyuta ndi imene imagwira ndi kusiya makilatchi. Volkswagen inaufalitsa kuyambira mu 2003 ndi dzina lakuti DSG. Kuno umapezeka kwambiri pa Honda Vezel ya hybrid, imene inatuluka kumapeto kwa 2013 ndi magiya asanu ndi awiri. Umachita bwino pamsewu wotakasuka, koma sukondwera ndi kukwawa pang'onopang'ono pachitunda kapena mumchenga, chifukwa makilatchi ake amatentha ngati a manyuwo. Mwa mitundu yonse, uwu ndi umene umafuna kwambiri makaniko wa kompyuta.

Pali dzina lina losocheretsa. Magalimoto a hybrid a Toyota, monga C-HR, amalembedwa kuti ali ndi e-CVT, koma mulibe lamba. Muli magiya ochepa ndi mamota amagetsi, ndipo mavuto a lamba atchulidwa pamwambapa sawakhudza. Chofunika kuyang'ana pa amenewa ndi batire lalikulu.

Pa Chiweta

Pokwera, manyuwo imapereka ufulu wosankha giya n'kukhala momwemo mpaka pamwamba. Mavuto amayamba galimoto ikatsekerezedwa kumbuyo kwa thanki ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam kapena lole ya malasha a ku Mchenga. Kuima ndi kunyamuka pachitunda, galimoto itadzadza, kumadya kilatchi, ndipo dalaivala wosazolowera amabwerera chammbuyo kapena kuzimitsa injini. Pamenepa otomatiki ya torque converter imapambana. Imanyamuka mofatsa ndipo sizima.

Komabe otomatiki ikasiyidwa pa D pokwera, imatha kumangosinthasintha pakati pa magiya awiri, ndipo kusinthaku kumatenthetsa oyilo. Pa magalimoto akale pali batani la O/D pa ndodo ya magiya. Likadinidwa, galimoto silowa giya yomaliza. Pansi pa D pamakhalanso 2 ndi L, ndipo pa ena pamakhala S, B kapena zizindikiro za + ndi −. Zimenezi sanaziike ngati zokongoletsa, ngakhale pali madalaivala amene amayendetsa galimoto zaka zambiri osazikhudza.

Kutsika ndiye koopsa kuposa kukwera. Galimoto yolemera ikatsetsereka mtunda wautali dalaivala atangodalira mabuleki, mabulekiwo amatentha, mafuta ake amatha kuwira, ndipo phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Njira yake ndi kutsika ndi giya yotsika kuti injini igwire galimoto. Pa manyuwo ndi giya yachiwiri kapena yachitatu, pa otomatiki ndi 2 kapena L, ndipo giyayo imalowetsedwa mtsetse usanayambe. Si zoona kuti otomatiki singagwire galimoto ndi injini. Imagwira, ngakhale mochepera pang'ono poyerekeza ndi manyuwo, makamaka ikakhala CVT.

Pali chizolowezi china chofala, chotsika mtsetse galimoto ili pa fili poganiza kuti mafuta akupulumuka. Pa injini zamakono phindu lake palibe, chifukwa galimoto ikamatsika ili m'giya, phazi litachoka pamoto, kompyuta imatseka mafuta yokha. Pa fili injini imafunabe mafuta kuti isazime, ndipo ntchito yonse yogwira galimoto imatsalira mabuleki.

Msewu wa Gorodi, wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia ndi makona ake 20, ndi mayeso ena. Ndi wamiyala ndipo galimoto imakwawa nthawi yaitali. Pamsewu wotere chofunika kwambiri ndi magiya apadera okokera pang'onopang'ono, olembedwa 4L, amene amapezeka pa Escudo zambiri, Suzuki Jimny ndi Mitsubishi Pajero iO. RAV4, CR-V ndi X-Trail alibe. Galimoto ya 4L, kaya ya manyuwo kaya ya otomatiki, imakwera popanda kuvutitsa kilatchi kapena oyilo.

Mchenga, matope ndi madzi

Mumchenga wa kugombe, otomatiki ya torque converter ndi yosavuta kuyendetsa. Mphamvu siduka posintha giya, choncho galimoto sitaya liwiro. Pa manyuwo, kuponda kilatchi pakati pa mchenga kumaimitsa galimoto nthawi yomweyo, ndipo poyesa kunyamukanso ndi pamene fungo la kilatchi yopserera limamveka. Dalaivala wodziwa amasankha giya yachiwiri asanalowe ndipo sasintha mpaka atatuluka. Kuphwetsa matayala pang'ono kumathandiza mitundu yonse.

Galimoto ikatitimira, mitunduyi imasiyananso. Ya manyuwo imatha kugwedezedwa, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka itatuluka. Otomatiki imafuna kuti matayala aime kaye musanachoke pa D kupita pa R, apo ayi zamkati zimawonongeka. CVT ndiye yosafunika kuikakamiza n'komwe: matayala akazungulira pamalo amodzi kenako n'kugwira mwadzidzidzi, kugunda konseko kumathera pa lamba. Fosholo, nthambi ndi anthu okankha n'zotchipa kuposa giyabokosi.

Ogula ena amaiwala kuti si SUV iliyonse imene imakoka ndi matayala anayi. Zambiri za ku Japan zimakoka ndi awiri okha, ngakhale thupi lake likuoneka lamphamvu. M'matope a Marichi ndi Epulo, pamene mvula imakula ku Karonga, kusiyana kwa 2WD ndi 4WD n'kwakukulu kuposa kwa manyuwo ndi otomatiki.

Boma la Karonga limavutika ndi madzi osefukira pafupifupi chaka chilichonse, ndipo mitsinje ngati North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imatchulidwa kawirikawiri. Giyabokosi iliyonse ili ndi kabowo kopumira pamwamba pake, ndipo ikamira ili yotentha imatha kuyamwa madzi. Mu manyuwo, oyilo amasanduka woyera ngati mkaka, ndipo akasinthidwa msanga bokosi limapulumuka. Mu otomatiki, madzi ngakhale ochepa amawononga timbale tamkati, ndipo vutolo limatha kuonekera patapita masabata. SUV yaing'ono sinapangidwire kuoloka madzi akuya, ndipo madzi akalowa mu injini nkhani ya magiya imakhala yaing'ono.

Batire likatha, galimoto ikafa panjira

Ichi ndi chifukwa chimene madalaivala akale amatchula poyamba. Ya manyuwo, batire likafooka kapena sitata ikakana, anthu atatu amaikankha, dalaivala n'kulowetsa giya yachiwiri, injini n'kulira. Pamafunikabe kamoto pang'ono m'batire koyendetsera pampu ya mafuta ndi kompyuta, koma nthawi zambiri kamakhalapo. Otomatiki siliza pokankha. Imafuna batire lina kapena nthambo zolumikizira ku galimoto ina, ndipo ngati yafa ndi sitata, palibe chochita koma kukonza pomwepo.

Kukoka nakonso kuli ndi malamulo ake. Pampu yoyendetsa oyilo mu otomatiki imazunguliridwa ndi injini. Injini ikazima, oyilo sayenda, ndipo kukoka galimoto ndi chingwe mtunda wautali kumapsereza zamkati. Galimoto imene inangofa pampu ya mafuta imatha kufika kugalaja itafanso giyabokosi. Yoyenera ndi kuinyamula pa lole, makamaka ikakhala ya 4WD. Kuchoka ku Ngara, zimenezo ndi ndalama zambiri ndithu.

Mafuta

Kale zinali zoona kuti manyuwo imamwa mafuta ochepa. Otomatiki ya magiya anayi imataya mphamvu ina mu oyilo wa torque converter, makamaka poyenda pang'onopang'ono. Pamsewu wautali kusiyanaku kumachepa, chifukwa galimoto ikafika pa liwiro lokhazikika chipangizochi chimadzimanga n'kuyamba kuzungulira limodzi ndi injini. CVT ndi otomatiki zatsopano za magiya ambiri zimafanana ndi manyuwo, nthawi zina kuiposa. Kukula kwa injini, kulemera kwa katundu, mpweya wa m'matayala ndi phazi la dalaivala zimasintha kamwedwe ka mafuta kuposa mtundu wa magiya. M'zaka za 2022 mpaka 2024, pamene mafuta ankasowa m'dziko muno, mizere ya pamalo omwetsera mafuta inaonetsanso kanthu kena: galimoto yosuntha pang'onopang'ono kwa maola ambiri imatopetsa mwendo pa manyuwo, koma yothereratu mafuta imakankhika mosavuta ikakhala pa fili, mtundu uliwonse.

Oyilo ndi amakaniko

Manyuwo imafuna oyilo wa magiya wopezeka m'masitolo ambiri a zipangizo za galimoto. Otomatiki imafuna oyilo wakewake, ndipo apa ndi pamene magalimoto ambiri abwinobwino amafera. Otomatiki zakale za Toyota zimagwiritsa ntchito Dexron kapena T-IV, zatsopanoko WS. CVT ya Toyota imafuna wolembedwa TC kapena FE. Ya Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3, malinga ndi chaka. Ya Honda imafuna HMMF kapena HCF-2. Mawu akuti ATF pa botolo sakutanthauza kuti oyiloyo alowa paliponse, ndipo kuthira ATF wamba mu CVT ndi njira yachidule yophera lamba. Dzina la oyilo woyenera limalembedwa m'buku la galimoto, ndipo pa magalimoto ena limalembedwanso pa kandodo koyezera oyilo. Buku likakhala la Chijapani, manambala ndi zilembo zimenezi zimawerengekabe.

Makampani ena amati oyilo wa otomatiki zawo safunika kusintha. Mawuwa amanenedwa poganizira galimoto yoyenda yopepuka kumalo ozizira. Mabuku omwewo amapereka nthawi yaifupi yosinthira oyilo ngati galimoto ikuyenda kotentha, kwafumbi, kumapiri kapena ndi katundu wolemera, ndipo galimoto ya ku Ngara imakumana ndi zonsezi. Pa otomatiki zambiri oyiloyu amazizira podutsa mu rediyeta kapena m'kachipangizo kolumikizidwa ku madzi a injini, choncho rediyeta yotsekeka ndi fumbi imavulaza injini ndi giyabokosi pamodzi.

Otomatiki ikadwala, choyamba ndi kuilumikiza ku kompyuta yowerenga vuto. Nthawi zina chimakhala chinthu chaching'ono, monga sensa kapena waya woduka, koma makaniko wopanda chipangizochi amangolota. Akatswiri otsegula otomatiki n'kuikonza mkati ndi ochepa, ndipo amapezeka kwambiri m'mizinda. Kuchoka ku tauni ya Karonga kupita ku Mzuzu ndi makilomita oposa 200, Lilongwe ndi Blantyre ndiye kutali kwenikweni. Anthu a ku Karonga ali ndi mwayi woyandikana ndi Kyela ndi Mbeya ku Tanzania, kumene ena amakasaka zipangizo. Nthawi zambiri yankho limakhala kugula giyabokosi ina yakale yochotsedwa pa galimoto ina, ndipo umoyo wake umadziwika ikamangidwa kale.

Zipangizo zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera limodzi. Kilatchi inakwera, giyabokosi ya otomatiki inakweranso, koma kukwera kwa chinthu chodula kale kumapweteka kwambiri. N'chifukwa chake kuchuluka kwa galimoto ya mtundu womwewo m'dera kuli ndi phindu. Manyuwo ya mtundu wosowa imatha kukhala pamiyala miyezi ingapo kudikira kilatchi, pamene otomatiki ya RAV4 yakale zipangizo zake zili ponseponse.

Woyendetsa

Otomatiki ndi yosavuta kuphunzira, ndipo imathandiza anthu ovutika mwendo wamanzere, bondo kapena msana. Pamsewu wa maenje, wodzadza njinga za kabaza, ng'ombe ndi ana asukulu, manja onse awiri amakhala pa chiwongolero. Galimoto ya banja imene amayendetsa anthu angapo, ena ongophunzira kumene, imakhalitsa ikakhala ya otomatiki, chifukwa kilatchi yodutsa m'mapazi ambiri sichedwa kutha.

Amene anazolowera manyuwo akalowa mu otomatiki ayenera kusamala ndi phazi lamanzere, limene limasaka kilatchi n'kupeza buleki. Amene anazolowera otomatiki yokha amadzitsekera mwayi wina. Malole, maminibasi ambiri, maambulansi a Land Cruiser ndi magalimoto ambiri a boma ndi a mabungwe ndi a manyuwo, ndipo wofuna ntchito ya udalaivala sangaithawe. Ku South Africa ndi ku Britain, woyesedwa mayeso pa otomatiki amapatsidwa laisensi yomuloleza otomatiki yokha, mfundo yofunika kwa achinyamata olingalira zokagwira ntchito kumeneko.

Pogula

Kwa munthu wokhala ku Ngara, wonyamula katundu ndi wokwera Chiweta pafupipafupi, manyuwo kapena otomatiki ya torque converter ndi zimene zili ndi chiopsezo chochepa. CVT ndi yabwino kwa woyenda kwambiri pa tala ndi katundu wopepuka, amene angathe kupeza oyilo woyenera pa nthawi yake. DCT ndi yovuta kuilimbikitsa kwa munthu wokhala kutali ndi mzinda. Koma galimoto zimenezi n'zakale, ndipo mmene mwini woyamba anaisamalira zimaposa mtundu wake. CVT yosamalidwa bwino iposa manyuwo yozunzidwa.

Pa mapepala a ku Japan, MT, F5 kapena F6 amatanthauza manyuwo. AT, FA kapena CA amatanthauza otomatiki, koma kawirikawiri sasiyanitsa CVT ndi mitundu ina. Chaka cha galimoto ndi zilembo zoyambirira za nambala ya chesisi ndi zimene zimaulula giyabokosi imene ilimo, komanso ngati galimotoyo ndi ya 2WD kapena 4WD. Wogula kudzera mwa ejenti ayenera kufunsa zimenezi ndalama zisanatumizidwe, chifukwa galimoto ikafika pa Songwe sibwerera.

Galimoto imene ili kale m'dziko muno imayesedwa ili yozizira, kenako itatentha. Pa otomatiki, kuchoka pa P kupita pa D kapena R kuyenera kugwira msanga popanda kugunda. Oyilo wa otomatiki ya torque converter amakhala wofiira kapena wofiirira. Wakuda, wonunkha kupserera kapena wokhala ndi tizitsulo ndi chizindikiro choipa. Wa CVT mtundu wake umasiyana malinga ndi kampani, ndipo magalimoto ena atsopano alibe kandodo koyezera, choncho pamafunika makaniko. CVT yodwala imanjenjemera ponyamuka kapena kulira ngati mluzu liwiro likamakwera. Pa manyuwo, kilatchi imayesedwa polowetsa giya yachinayi pa liwiro lochepa n'kuponda moto: injini ikalira kwambiri galimoto osathamanga, kilatchi yatha. Magiya onse, ndi rivesi yomwe, ayenera kulowa popanda kukukuta. Nyali za padashibodi ziyenera kuyaka zonse kiyi akatembenuzidwa, n'kuzima injini ikalira, popeza nyali yosayaka n'komwe imatha kukhala kuti inachotsedwa dala. Msewu wathyathyathya wa m'mbali mwa nyanja umabisa matenda ambiri a giyabokosi, choncho ndi bwino kuyesera galimoto pachitunda, muli anthu anayi kapena asanu, kwa mphindi zosachepera 20.